Nyumba imene Chilembwe anaphunziramo ku Lynchburg inagwetsedwa mu 1988

Nangozo (Richmond): Moni nonse a pagulu. Kwa inu okonda mbiri ya Chilembwe, nayi nkhani imene sitiikamba kawirikawiri. Sukulu imene iye anakaphunzirako ku America idakalipo mumzinda wa Lynchburg, m'chigawo cha Virginia, ndipo dzina lake lero ndi Virginia University of Lynchburg. Koma nyumba yeniyeniyo imene inalipo m'masiku ake, ija anadzaitcha Hayes Hall, kulibenso. Anayamba kuimanga mu 1888, anaigwetsa mu 1988. Zaka 100 ndendende. Ndiye taganizani: tchalitchi chimene anamanga ku Mbombwe asilikali a atsamunda anachiphulitsa mu 1915, nyumba imene anaphunziramo nayonso inapita. Munthu nkhope yake ili pa ndalama zathu, koma nyumba zake zonse ziwiri palibe imene yaima.

Kadzidzi: Lynchburg yake yomwe ija ya Liberty University? Ijatu ndi yunivesite yaikulu zedi, ndalama zili mbwee. Angalephere bwanji kusamala nyumba imodzi?

Nangozo (Richmond): Mzinda ndi womwewo achimwene, koma sukulu ndi zosiyana. Liberty anaiyambitsa Jerry Falwell mu 1971, ndi yadzulodzuloli. Palinso ina yotchedwa University of Lynchburg, imeneyonso ndi ina. Ya Chilembwe ndi yaing'ono, ya anthu akuda, ili mumsewu wa Garfield Avenue. Anthu ambiri amasokoneza zitatuzi, ngakhale a kuno komwe.

Aphunzitsi Opuma: Zikomo a Nangozo potsegula mutu umenewu. Mundilole ndiyale pang'ono, chifukwa nyumba imeneyo sinali nyumba wamba. Ukapolo ku America unatha mu 1865. Patangopita zaka 21, mu 1886, mipingo ya Baptist ya anthu akuda ya ku Virginia, pansi pa bungwe lawo la Virginia Baptist State Convention, inagwirizana zomanga sukulu yawoyawo. Ambiri mwa anthu amene anakhala pamsonkhano umenewo anabadwira mu ukapolo. Amene anatsogolera ganizoli ndi Mbusa Phillip F. Morris wa mpingo wa Court Street Baptist ku Lynchburg komweko, ndipo ndiye anakhala mkulu woyamba wa sukuluyo. Dzina loyamba linali Lynchburg Baptist Seminary. Mwala wapangodya anauika mu 1888, ndipo ophunzira oyamba, okwana 33, analowa mu January 1890. Inali nyumba yosanja ya njerwa, ndipo pa zaka zoyambazo sukulu yonse inali nyumba imeneyo basi.

Sukulu za anthu akuda zinalipo kale zingapo nthawi imeneyo, koma zambiri anaziyambitsa ndi azungu achifundo a kumpoto, ndipo ndiwo ankaziyendetsa. Iyi inasiyana: anaiganiza ndi akuda, nsembe zoimangira anasonkha ndi akuda m'matchalitchi mwawo, mkulu wake anali wakuda.

Wa ku Chanco: Aphunzitsi, nanga Hayes ameneyu anali ndani kuti nyumba itenge dzina lake osati la Morris amene anaiyambitsa?

Aphunzitsi Opuma: Gregory W. Hayes anali mkulu wachiwiri, kuyambira 1891 mpaka imfa yake mu 1906. Anaphunzira ku Oberlin College. Ndipo apa ndi pamene nkhaniyi imatikhudza ife. Sukuluyo itayamba kuvutika ndi ndalama, inalandirako thandizo kwa bungwe la azungu la American Baptist Home Mission Society. Koma a bungwelo anali ndi mapulani awo. Ankafuna kuti koleji yaikulu ya akuda ku Virginia ikhale imodzi, ya ku Richmond, imene inadzakhala Virginia Union University mu 1899, ndipo ya ku Lynchburg itsike, izingokonzekeretsa ana opita kumeneko. Hayes anakana. Iye ankalalikira zodzidalira, kuti munthu wakuda aziyendetsa yekha sukulu yake ndi mpingo wake. Mkanganowo unakula mpaka mu 1899 a Baptist akuda a ku Virginia anagawikana pawiri: ena anatsata Hayes, ena anati tiyeni tipitirize kugwira ntchito ndi azungu. Thandizo la azungu lija linatha.

Tsopano werengani zaka. Chilembwe anapita ku America ndi mmishonale Joseph Booth mu 1897, nabwerera kuno mu 1900. Ndiye kuti mkangano wonsewu unkachitika iye ali pasukulupo, akuona ndi maso ake munthu wakuda akukana ndalama ya mzungu chifukwa cha zingwe zimene yabwera nazo. Ife timakonda kunena kuti Chilembwe maganizo ake anawatenga kwa Booth. Zoona, Booth anamubatiza mu 1893 ndipo ndiye anamutsegula maso pa zambiri. Koma Booth anali mzungu wonena kuti Africa ikhale ya Aafrica. Hayes anali wakuda amene ankachita zimenezo tsiku ndi tsiku, ndi ngongole zake zomwe. Kwa ine, PIM (Providence Industrial Mission), mishoni ya Chilembwe, inabadwira m'nyumba imene a Nangozo akuti inagwetsedwayo.

Abusa a ku Chiradzulu: Ameni, Aphunzitsi. Mukayang'ana zimene anachita atabwerera, muona chithunzi chomwecho. Anagula malo ku Mbombwe mu 1900, okwana maekala 93, m'dzina la mishoni ya anthu akuda. Pofika 1912 anali ndi masukulu asanu ndi awiri. Ndipo sanakhutire ndi tchalitchi cha mitengo ndi udzu. Anaumbitsa njerwa, namanga tchalitchi chachikulu chokhala ndi nsanja, chimene chinatha cha m'ma 1913. Nthawi imeneyo nyumba zotere ankamanga ndi azungu a mishoni okha, monga ku Blantyre. Munthu wakuda kumanga yake yofanana nazo, popanda mzungu womuyang'anira, chinali chinthu chimene ena sanagone nacho tulo.

Kadzidzi: Abusa, ndi ulemu wonse, kudzidalira kwake kuti? Ndalama za PIM si zinkachokera ku America komweko? Lero tikalandira thandizo lakunja mumati ndife opemphapempha, koma akalandira Chilembwe mukuti kudzidalira.

Abusa a ku Chiradzulu: Funso labwino mwana wanga, ndipo silobisa. Thandizo linkachokeradi ku National Baptist Convention, kudzera mwa mlembi wawo wa za mishoni Lewis G. Jordan, yemweyo amene anathandiza kuti Chilembwe apeze malo ku Lynchburg. Anatumizanso anthu: Mbusa Landon Cheek anafika mu 1901, Mayi Emma DeLany mu 1902, ndipo onse anabwerera mu 1906. Koma onani amene ankapereka: ochapa zovala, olima thonje, ogwira ntchito m'mafakitale a fodya, ana a akapolo. Ndipo chiwongolero chinali m'manja mwa Chilembwe. Kuyambira 1906 panalibe mmishonale wakunja aliyense pa Mbombwe. Nkhani ya Hayes sinali yakuti usalandire kanthu kwa munthu. Inali yakuti wokupatsayo asakuuze kuti ana ako alekezere kalasi yanji.

Kadzidzi: Chabwino. Koma ndiye mapeto a kudzidalirako ndi amenewa: nyumba inagwa, ndipo anaigwetsa si adani ayi. Ya ku Richmond imene inalandira ndalama za azungu nyumba zake zamiyala zili chiimire. A Nangozo ali komweko anene ngati ndikunama.

Nangozo (Richmond): Simukunama. Nyumba zakale za Virginia Union zilipodi, zomangidwa ndi miyala yotuwa, zokongola. Ndipo zimandiwawa kuvomera.

Aphunzitsi Opuma: A Kadzidzi agunda pamene pali bala. Ufulu umene Hayes anasankha unali ndi mtengo wake, ndipo amene anadzalipira ndi zidzukulu. Sukulu imene ilibe chuma chosungidwa, imene imadalira fizi ya ana a anthu osauka ndi mbale ya chopereka, chaka chilichonse imasankha pakati pa malipiro a aphunzitsi ndi denga. Denga silidandaula, silichita sitiraka. Ndiye limadikira. Onjezerani kuti kuyambira m'ma 1960 makoleji a azungu atayamba kulandira akuda, masukulu ang'onoang'ono a akuda anataya ophunzira ambiri. Koma musaiwale kuti sukuluyo siinafe. Inasintha maina kangapo: Virginia Seminary, kenako Virginia Theological Seminary and College mu 1900, Virginia Seminary and College mu 1962, ndipo dzina la lero linabwera mu 1996. Anthu amene anatuluka m'menemo si ang'ono. Anne Spencer, mlakatuli wotchuka uja, anamaliza mu 1899, ndiye kuti ankapondana zidendene ndi Chilembwe. Vernon Johns, amene anali mbusa wa Dexter Avenue Baptist ku Montgomery asanabwere Martin Luther King, anaphunzira pomwepo ndipo anadzakhalanso mkulu wa sukuluyo.

Wa ku Chanco: Koma ku America si kuli lamulo loteteza nyumba zakale? Ndimamva za National Register.

Nangozo (Richmond): Hayes Hall inalembedwa m'kaundula ameneyo, National Register of Historic Places, mu 1979. Patangopita zaka 9 anaigwetsa. Anthu ambiri amaganiza kuti nyumba ikalowa m'kaundulayo ndiye kuti boma laitenga m'manja. Ayi. Ndi ulemu chabe, komanso mwayi wopempha thandizo kapena kuchotseredwa msonkho pokonza. Mwini wake akafuna kuigwetsa ndi ndalama zake, kaundulayo samuletsa. Ikagwa amangofufuta dzina, ndipo ndi zimene zinachitika. Zimene zatsala pamalopo ndi nyumba zobwera pambuyo, monga Humbles Hall ya m'ma 1920, imene mapulani ake anajambula ndi katswiri wakuda, Romulus Archer. Palinso chipilala chokumbukira Hayes. Ndipo boma la Virginia linaika chikwangwani cha mbiri chonena za Chilembwe, chotchula kuti anaphunzira pansi pa Hayes.

Kadzidzi: Chikwangwani. Kugwetsa nyumba nkuika chikwangwani.

Che Mmisiri (Bangwe): Akuluakulu, ine za mbiri ndasiyira inu, koma za mmene nyumba ya njerwa imafera ndiye ntchito yanga. Nyumba siifa tsiku limene yagwetsedwa. Imayamba kufa tsiku limene lata limodzi lasomphoka kapena ngalande ya padenga yatsekeka ndi masamba, wina nkunena kuti tikonza mvula ikatha. Madzi amalowa, amanyowetsa mitengo ya denga pamene yakhala pakhoma. Mtengo ukawola pamutu, denga limayamba kutsika nkumakankha makoma kunja. Mukaona mng'alu wochokera pakona ya windo kukwera chopendekera m'mwamba, dziwani kuti ntchito yayamba kale. Kunoko chiswe chimamaliza zotsala. Kwa anzathu ozizirako ndi madzi amene amalowa m'njerwa nkuuma ngati mwala nthawi yachisanu, njerwa nkumasweka nkhope. Ndipo nyumba yosanja ndi yoopsa kuposa ya pansi, chifukwa pansi pa chipinda chapamwamba ndi matabwa. Akawola, anthu amasamukamo, amakhoma zitseko, ndiye basi palibenso woona pamene pakudontha. Nyumba yotsekedwa imakalamba msanga kuposa yokhalamo anthu. Pofika poti akuluakulu akhale pansi kukambirana, mtengo wokonza wapitirira mtengo womanga ina, ndipo wa inshuwalansi akuti igwera anthu. Wosaina kalata yogwetsa amatukwanidwa, koma mlandu ndi wa uja anati tikonza mvula ikatha.

Nasibeko (Nguludi): Che Mmisiri mwandikumbutsa nyumba za aphunzitsi za kwathu. Koma ine ndili ndi mbali ina imene ndikufuna isaiwalike, poti pagulu pano tikamakamba za 1915 timangolira tchalitchi cha Mbombwe. Sabata yomweyo anthu a Chilembwe anaukira mishoni ya Katolika ya Nguludi, anavulaza wansembe kwambiri, nayatsa moto nyumba za mishoni. Agogo athu ankaikamba nkhaniyi mosiyana ndi mmene imakambidwira pa wailesi pa 15 January. Sindikutsutsa kuti Chilembwe ndi ngwazi. Ndikungoti nyumba zopemphereramo zimene zinawonongeka nthawi imeneyo si imodzi.

Abusa a ku Chiradzulu: Mayi, mwanena zoona, ndipo ife a Baptist sitiyenera kuzemba. Nguludi inawotchedwa pa 26 January. Ndiwonjezere kuti moto sunayambire pamenepo. Zaka zingapo m'mbuyo mwake, William Jervis Livingstone, kapitawo wamkulu wa minda ya A. L. Bruce ku Magomero, ankawotcha timatchalitchi ta udzu timene anthu a PIM ankamanga pa malo a esitetiyo. Anthu omwewo ankagwira thangata, ambiri a iwo Alomwe ongofika kumene kuchokera ku Mozambique. Usiku wa 23 January 1915 anthu a Chilembwe anapha Livingstone, ndipo azungu ophedwa onse anali atatu. Mawa lake, Lamulungu, Chilembwe analalikira m'tchalitchi chija mutu wa Livingstone uli pamtengo. Zimenezonso zinachitika m'nyumba imene tikuilirayi. Asilikali atalanda Mbombwe anaika zophulitsira m'makoma. Chilembwe anaphedwa pa 3 February akulowera cha ku malire a Mozambique. Anthu pafupifupi 40 ananyongedwa kapena kuomberedwa ataweruzidwa, ndipo ena pafupifupi 300 anaikidwa m'ndende.

Wa ku Chanco: Chimene chimandidabwitsa ndi chakuti nkhondo inali itatha kale, Mbombwe ali m'manja mwawo. Tchalitchi chinalakwanji? Akanatha kuchisandutsa sukulu ya boma kapena nkhokwe.

Aphunzitsi Opuma: Ndi chifukwa chomwecho chimene sanaonetsere manda ake. Nyumba yoima imakoka anthu. Ankadziwa kuti chikatsala, anthu azidzabwera kudzaona chimene munthu wakuda anamanga. Ndiye anachiphulitsa ndi kujambula zithunzi za mabwinja ake. Apa ndi pamene ine ndimasiyanitsa imfa ziwirizi. Ya ku Mbombwe inali ndi wochita, tsiku lake ndi cholinga chake, ndipo chifukwa cha chimenecho aliyense amaikumbukira. Ngakhale mwana wa Sitandade 5 akuuzani. Ya ku Lynchburg inalibe mdani woti umuloze chala. Ndi chifukwa chake ambiri a ife taimva lero kwa a Nangozo.

Kadzidzi: Ine ndiye ndikuti zonsezi ndi njerwa. Njerwa sizidyedwa. Sukulu ikanakakamira kukonza nyumba yakaleyo mwina ikanatsekedwa yonse, ana nkusowa kophunzira. Inu mukanakhala mkulu wa sukulu mu 1988 mukanasankha chiyani, chikumbutso kapena ana amoyo?

Nangozo (Richmond): Ndikanasankha ana, achimwene. Koma funso lanu likubwera mochedwa, monga anenera Che Mmisiri. Panali zaka zambiri m'mbuyo pamene kusankha sikunali kotero.

Nasibeko (Nguludi): Ndipo njerwa zimadyedwa bwinobwino. Pitani ku Mandala House mukaone anthu amene akupeza ntchito chifukwa choti nyumba ya 1882 idakaima. Alendo akabwera ku Blantyre amapita kukaona St Michael and All Angels, sapita kukaona nyumba zamagalasi.

Aphunzitsi Opuma: Mwatchula St Michael, ndiye tamverani ichi. Tchalitchi chimenecho David Clement Scott anayamba kuchimanga mu 1888, chaka chomwecho chimene ku Lynchburg ankaika mwala wapangodya, nachimaliza mu 1891. Ndi nyumba za msinkhu umodzi. Chilembwe ali mnyamata anaphunzirako pa Blantyre Mission, ndiye kuti nyumba zonse ziwiri anaziona zili zatsopano. Ya ku Blantyre, yomangidwa ndi anthu a kuno amene anali asanagwirepo ntchito yotere, yaona zivomezi ndi mvula za zaka zoposa 130, ikadali chiimire. Ya m'dziko lolemera inagwa. Kusiyana kwake si umisiri. Ya ku Blantyre sinatsekedwepo, anthu amapempheramo sabata ndi sabata, ndipo pakadontha pamakhala wodandaula.

Che Mmisiri (Bangwe): Koma pokonza nyumba zoterezi pali kulakwitsa kumene ndimakuona kawirikawiri, ndichenjeze a makomiti a zomangamanga m'mipingo. Nyumba zakale za mishoni anamangira dothi kapena laimu, osati simenti. Khoma lotere limapuma: chinyezi chimalowa nkutulukanso. Ndiye komiti imasonkha ndalama, nkupaka pulasitala wa simenti yolimba kunja konse, pamwamba pake penti wa mafuta. Miyezi yoyamba nyumba imawala, aliyense kuwomba m'manja. Koma chinyezi chochokera pansi chatsekeredwa m'kati, njerwa zimafumbwa kuseri kwa pulasitalayo. Mukagogoda mumamva phokoso la chinthu chopanda kanthu m'kati. Kenako pulasitala amagwa chigamba chachikulu atanyamula nkhope ya njerwa. China, amathira khonde la simenti kuzungulira nyumba mokwera kuposa pansi pa m'kati, madzi nkumabwerera ku maziko. Ndalama zochepa zikapezeka, yambani ndi denga ndi ngalande zochotsa madzi. Penti ndi womaliza.

Mlembi wa Gulu: Che Mmisiri, zimenezi mudzatilembere pazokha tidzazikhome pamwamba pa gulu. Ndikumbutse onse kuti tisatukwanane mipingo, tikuyenda bwino mpaka pano.

Wa ku Chanco: Ndapeza kuti Ota Benga nayenso anakhalako pasukulu ya ku Lynchburg ija. Ndi zoona?

Nangozo (Richmond): Zoona, ndipo ndi nkhani yoswa mtima. Anali wa ku Congo. Mzungu wina, Samuel Verner, anamutenga kukamuonetsa pa chionetsero cha ku St. Louis mu 1904, ndipo mu September 1906 anaikidwa m'khola la anyani ku Bronx Zoo, ku New York, anthu nkumabwera kudzamuona. Amene anakuwa mpaka anatulutsidwa ndi abusa akuda, ambiri a iwo a Baptist. Mu 1910 anamubweretsa ku Lynchburg. Hayes anali atamwalira kale, koma mkazi wake wamasiye Mary ndiye anamulandira m'banja mwake, ndipo Anne Spencer uja anali mmodzi wa omuphunzitsa. Anagwirako ntchito pa fakitale ya fodya. Ankalakalaka kubwerera kwawo, koma nkhondo ya 1914 inatseka njira za panyanja. Pa 20 March 1916 anadzipha. Ndiye pakhomo limodzi lomwelo panadutsa Aafrica awiri: wina anabwerera kwawo nkukafa ndi chipolopolo mu 1915, wina analephera kubwerera nkufa chaka chotsatira.

Nasibeko (Nguludi): Mayo ine. M'khola la anyani munthu?

Abusa a ku Chiradzulu: Ndi dziko limene Chilembwe analiona limenelo, Mayi. Musaganize kuti ku America anakangoona mabuku.

Koma ndisasiye nkhani ya Mbombwe pa mabwinja, chifukwa sinathere pamenepo. Mayi DeLany aja anali ndi mnyamata amene ankamuphunzitsa, Daniel Sharpe Malekebu. Iwo atachoka, mnyamatayo anawatsatira mpaka ku America. Anaphunzira udokotala ku Meharry Medical College namaliza mu 1917, zaka 20 Kamuzu asanamalize pasukulu yomweyo. Atayesa kubwerera mu 1921 boma la atsamunda linamukaniza kulowa, ndiye anakagwira ntchito ku Liberia. Mu 1926 anamulola, ndipo iye ndi mkazi wake Flora anatsegulanso PIM, imene inakhala yotsekedwa zaka 11. Tchalitchi chachikulu chimene mumachiona pa TV pa Chilembwe Day ndi cha nthawi ya Malekebu, si cha Chilembwe ayi. Ambiri amabwera nkumajambulitsa akuganiza kuti ndi chomwe chija. Zotsalira za chakalecho zili chapafupi pomwepo.

Kadzidzi: Ndiye mwaona? Chinagwa, anamanga china, mpingo ukupitirira. Madzi akatayika saoleka. Mfundo yanga ndi yomweyo.

Aphunzitsi Opuma: Mpingo ukupitirira, inde. Koma tayang'anani zimene zinachitika mu 2022. Samson Kambalu anaika chiboliboli cha Chilembwe pa Trafalgar Square ku London, Chilembwe atavala chipewa pambali pa mmishonale John Chorley. Anachitenga pa chithunzi cha 1914 chimene anajambula patsogolo pa tchalitchi chija. Azungu ndi akuda ambirimbiri anaima pansi pake nkumafunsa kuti munthuyu ndani, anachokera kuti. Wina akakwera ndege kubwera ku Chiradzulu, kapena kupita ku Lynchburg, timuonetsa chiyani cha m'manja mwa munthuyo? Ine ndinaphunzitsa mbiri mpaka kupuma, ndipo ndikuuzani kuti ana amene anakafika pamalo amakumbukira zimene ana a pa bolodi amaiwala mayeso akangotha.

Kadzidzi: Apo pokha ndiye sinditsutsa. Koma ndalama zake atulutse ndani? Boma lomwe likulephera kugula mankhwala?

Wa ku Chanco: Lamulo lilipo, Monuments and Relics Act, ndipo PIM ili pa mndandanda wa malo otetezedwa. Pamapepala lamulo lathu ndi lolimba kuposa kaundula wa ku America uja, chifukwa kuno kugwetsa kapena kusintha malo otetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu. Koma lamulo limaletsa kugwetsa, siligula malata. Ndipo nyumba zambiri zakale sizili pa mndandanda uliwonse. Booth yekha anasiya malo angapo: Mitsidi ya Zambezi Industrial Mission mu 1892, Likhubula, Gowa ku Ntcheu kumene kunali a Baptist a ku Scotland, ndi Plainfield ku Thyolo, imene a Seventh Day Baptist anagulitsa kwa a Adventist mu 1902 nkukhala Malamulo. Ndani anayendapo nkulemba kuti nyumba yakale kwambiri pamalo aliwonse ndi iti, ndipo ili bwanji?

Abusa a ku Chiradzulu: Ndipo ife abusa tili ndi mlandu wathu. Mpingo ukakula, chimene timaganiza ndi kugumula chakale kuti timange chachikulu cha matailosi. Mbusa amakumbukiridwa ndi chimene anamanga, palibe amene amaika dzina lake pa mwala chifukwa choti anasintha malata a tchalitchi cha agogo. Ndinaonapo komiti ina ikugulitsa njerwa za nyumba ya sukulu imene inaphunzitsa mudzi wonse kuwerenga, ndalama zake nkugulira zokuzira mawu. Nditafunsa anati chinali chitakalamba. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anagwetsa zambiri kuno ku Chiradzulu, zimenezo sitingamuimbe mlandu munthu, koma zina tinagwetsa tokha kunja kuli ngwee.

Nasibeko (Nguludi): Abusa mwalasa. Kwathunso ndi chimodzimodzi, musaganize kuti ndi a Baptist okha.

Mlembi wa Gulu: Ndiye m'malo mongodandaula, bwanji tichite chotheka. Aliyense akapita kumudzi pa Khirisimasi ajambule nyumba yakale kwambiri ya mishoni kapena ya sukulu ya kwawo, afunse akuluakulu chaka chimene inamangidwa ndi amene anaimanga, atumize pano. A ku Chanco asonkhanitse. A Nangozo, inu mutijambulire malo amene panali Hayes Hall, chipilala cha Hayes ndi chikwangwani chija.

Nangozo (Richmond): Ndavomera. Kuchoka kuno ndi ulendo wa maola awiri ndi kanthu pa galimoto, ndidzapita ndikakhala pa ofu.

Che Mmisiri (Bangwe): Pojambula musangojambula kutsogolo kumene kuli penti. Zungulirani kuseri. Jambulani pamene denga lakumana ndi khoma, m'munsi mwa khoma pamene lakhudza dothi, ndi makona a mawindo. Ngati akulolani kulowa, yang'anani kudenga ngati pali mabanga a madzi, ndipo gogodani mafelemu a zitseko mumve ngati chiswe chadya m'kati. Pakakhala mng'alu ikani ndalama yachitsulo pambali pake kuti ndione kukula kwake. Ndikaona zithunzi ndidzakuuzani iti ikufunika mmisiri chaka chino ndi iti ingadikire.

Kadzidzi: Ine kwathu ndi ku Ntcheu, Gowa ndi pafupi. Ndijambula, koma thiransipoti ya kabaza mundibwezere a Mlembi.

Mlembi wa Gulu: Thumba la gulu muli ndalama za maliro zokha, achimwene. Mukwere njinga ya amalume anu.